Kudzera kwa Mkamwini

Lachiwiri, 9 Julayi, 3 koloko masana

Ndakhala tsonga kuti ndilembe tsopano pamene diripi yoyamba yatha ndipo dzanja lamasuka. Kope ili ndi la masamu la mdzukulu wanga Talandira. Analembamo masamba anayi okha chaka chonse, ulesi, ndiye ndalanda. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, choncho wowerenga asaseke zilembo zanga. Akafuna kuseka akaseke bambo anga kumanda, amene anati mwana wamkazi akadziwa kulemba dzina lake zakwana.

Ndine Keti Mbewe, Nambewe, wa ku Ngala. Ndimachapa ndi kusita pa loji ya kunyanja kuja, chaka chino ndi cha 19. Nyumba imene ndimakhala ndi ya loji, kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo ndimakhalamo ndi adzukulu awiri, Talandira ndi Chikondi, ana a malemu mwana wanga woyamba.

Dzulo ndinagwa pa chingwe choyanikira, beseni la mashiti lili pamutu. Enelesi, mwana wanga wachitatu, ndiye wandinyamula. Ku Dwangwa anangonditsegula chikope n'kulemba kuti ndipitirire kuboma. Minibasi inaima paliponse pamene panali munthu ndi thumba. Tafika kuno lero cha m'ma 11.

Wodi ya amayi, bedi 9. Magazi 6.8, ati ndi ochepa kwambiri, akudabwa kuti ndimayenda. BP 160 pa 95.

Matenda enieniwo sindilemba. Mulungu akuwadziwa, Enelesi wawadziwa dzulo, basi.

Lachitatu, 10 Julayi, 11 koloko m'mawa

Kuno tsiku limayamba ndi chokolopera. 5 koloko amayi okolopa, 6 koloko anamwino ndi makina a BP, 7 koloko phala, 9 koloko adokotala ndi gulu lawo ngati abwera kudzawona munda wogulitsa. Andiika magazi paindi imodzi. Ndi a munthu wanji kaya, ndangopempha kuti asakhale a chidakwa. Enelesi wapereka ake kuti abwezere m'nkhokwe, wabwerako ali mbuu.

Adokotala ndi kamwana, ndevu zikungoyamba kumene. Anatseka makatani nandiyeza, kenaka anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinati chaka chatha. Anandiyang'ana. Ndinati zaka zitatu.

Chabwino, ndilembe, pepala silichita manyazi. Chiberekero changa chinatsika, chimatuluka kunja, ndipo chinachita chilonda chimene chakhala chikudontha magazi. Ndinkachibweza ndi dzanja, kumanga nsalu, n'kupita kukasenza mabeseni. Ati ana asanu ndi awiri amene ndinabereka ndi katundu wolemera ndizo zachititsa. Ati chilonda chiyambe chauma, magazi akwere, kenaka opaleshoni, achichotse. Dokotala wamkulu wa zimenezi abwera kuchokera ku Lilongwe Lachisanu la sabata ya mawa. Ndikatuluka, masabata sikisi osagwira ntchito, miyezi itatu osanyamula ngakhale ndowa.

Mpeni ndikuuopa. Koma chimene ndikuopa koposa ndi china.

Chaka chatha loji inagulidwa. Kunabwera manijala watsopano, mayi wa ku Lilongwe wa magalasi, ndi buku la malamulo. Anatiwerengera tonse pansi pa mtengo wa mango. Wodwala alembe kalata pasanathe masiku atatu, aphatikize pepala la dokotala lonena matendawo, ndipo kalatayo idzere kwa mkulu wa chigawo chake, awerenge, asayine, ndiye ipite ku ofesi. Wokhala chete masiku asanu ndi awiri, ameneyo wathawa ntchito yekha, ndi nyumba yomwe atuluke. Kale unkangotuma mawu kuti agogo sadzuka lero, n'kulandira moni ndi paketi ya shuga.

Tsono mkulu wa chigawo chathu, cha zipinda ndi zochapa, ndi mwamuna wa Enelesi. Mkamwini wanga, bambo a Stefano.

Zaka 14 chikwatirireni mwana wanga, sitinadyerepo pamodzi, sitinayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira iye amapatukira kumchenga, ine kutchire. Atamukweza pantchito anthu anati tiwona mmene azilamulira apongozi. Sanawone kanthu. Akafuna mashiti amauza khoma kuti zipinda zitatu zikufuna zoyala, ine ndimayankha beseni kuti zamveka. Ndi mmene tinaleredwera, ndipo palibe analirapo. Lero buku likuti munthu ameneyo awerenge za kumene kunatulukira mkazi wake, asayine m'munsi. Bola ndingofa.

Lachinayi, 11 Julayi, 2 koloko masana

Mapiritsi ofiira a magazi katatu patsiku, jekeseni m'mawa ndi madzulo. Chilonda amatsuka n'kuikapo nsalu ya mankhwala. Zimawawa ngati tsabola. Sindinalire, ndinangotukwana pang'ono.

Pa bedi 10 pali Abiti Fakiri, a kuno kuboma, a shuga, anawadula chala cha kuphazi. Ati anagwira ntchito ya taipi m'maofesi zaka makumi atatu. Amagona mowongoka, mpango osakhota, masilipasi atayang'ana mbali imodzi. Amaswali ali chigonere. Achibale awo amabwera ndi mpunga wonunkhira umene iwo saloledwa kudya, ndiye umathera kwa ine. Ubwino wa shuga wa mnzako ndi umenewo.

Ndinapempha adokotala kuti pa pepala la kuntchito alembe malungo. Anaseka, ati malungo a masabata sikisi oletsa kunyamula ndowa sanawaphunzire. Ati bodza salemba. Angathe kungolemba kuti ndagonekedwa, koma ngati kuntchito akufuna chifukwa chondichotsera pa mabeseni, lipoti lonse lilipo, wonena ndine.

Enelesi amagona kumalo a magadiyani, amaphikira komweko. Wayankhula ndi mwamuna wake pa foni. Wamuuza kuti amayi achepa magazi, zinazo ayi. Mwana woleredwa ndi ine sangakambe za m'chiuno mwa amake ndi mwamuna. Mwamunayo ati amayi asadandaule za kuntchito. Asadandaule bwanji, lero ndi tsiku lachitatu?

Ndiye ndaganiza. Manijala ndi mkazi mnzanga, anabereka. Ndamulembera iye mwini, masamba awiri odzaza, mkamwini ndamulambalala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachisanu, 12 Julayi, 1 koloko masana

Yasini, dalaivala wa loji, amabwera kuboma Lachiwiri ndi Lachisanu kudzagula zinthu. Wadzandiwona ndi nthochi. Ndamupatsa kalata, ndamulumbiritsa kuti akaipereke m'manja mwa manijala, osati kwa wina aliyense, makamaka uje. Ati manijala ali ku Lilongwe mpaka Lolemba. Ndamufunsa kuti akuchapa ndani, ati mashiti akuyera, osadandaula. Aliyense akungoti osadandaula. Ndi mawu amene amauza mbuzi popita nayo kumsika.

BP 150 pa 90. Chilonda chatsukidwa kawiri.

Loweruka, 13 Julayi, 4 koloko madzulo

Thupi latentha, 38.6. Asintha jekeseni.

Mayi wa pa bedi 4, wa ku Malengachanzi, anapita ku fiyeta, kochitira opaleshoni, dzulo akutiseka kuti tisamudyere phala. Matenda ake anali atapita patali, anafika mochedwa. Anabwerako, koma lero cha m'ma 11 anamutchingira makatani. Mng'ono wake analira kamodzi kokha n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Tonse tinayang'ana kudenga mpaka atadutsa naye. Bedi layalidwa kale, pagona wina.

Nayenso ati anabisa.

Sindilemba zambiri.

Lamulungu, 14 Julayi, 3 koloko masana

Kutentha kwatsika, 37.4. Paindi yachiwiri yalowa. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzaimba, nyimbo anasankha ya pamaliro. Ndinawapempha ina, ndinati sitinafe. Enelesi waphika kondowole ndi usipa, ndadya mbamu ziwiri. Ndayankhula ndi Talandira pa foni. Ati akudya kwa a Stefano, akugona kwathu, mwera wagwetsa papaya. Chikondi anafunsa ngati ndibwera mawa. Ndinamukalipira za nkhuku kuti asafunsenso.

Ndinadzitama kwa Abiti kuti nkhani ya kuntchito ndinaikonza ndekha. Anafunsa kuti ndinalemba chiyani, ndiye ndinawanenera mmene ndikukumbukira. Ndinayamba ndi moni, kufunsa za moyo wa mayiyo, wa bambo a kunyumba, wa ana, ndi mwendo wa amake uja ndinamva kuti umatupa. Ndinanena mmene mwera wavutira chaka chino, kuti mashiti azipanidwa ndi zopanira zinayi. Ndinamukumbutsa kuti loji ija ndinaipeza ili ndi zipinda zitatu, iye ali pasukulu. Kumapeto ndinati ndili kuchipatala chiyambire Lachiwiri ndi matenda athu a amayi, mukudziwa kale, tisachite kutchula. Moni kwa onse ondidziwa.

Abiti anatseka maso nthawi yaitali, ndinayesa shuga wakwera. Kenaka anafunsa za deti. Inalibe. Mutu wa nkhani? Inalibe. Pepala la dokotala? Ayi. Masiku amene ndikupempha? Ndinati Mulungu ndiye adziwa. Inadzera kwa yani? Kwa Yasini.

"Nambewe, imeneyo ndi kalata yopita kwa mlongo wanu ku Joni," anatero. "Ku ofesi aiwerenga, aseka, kenaka afunsa funso limodzi: n'chifukwa chiyani yamulumpha mkulu wake?"

Ndinawauza kuti taipi inawaumitsa mtima. Munthu ungayambe bwanji kupempha usanapereke moni, ngati wakuba? Iwo ati ku ofesi moni ndi deti. Sitinayankhulane mpaka mpunga utabwera.

Lolemba, 15 Julayi, 10 koloko m'mawa

Magazi 9.1. Chilonda ati chikuuma bwino. Dzina langa lalembedwa pa mndandanda wa Lachisanu, ndine wachiwiri. Anabwera wina wogonetsa anthu, anandiyang'ana m'kamwa, anamvera mtima, anafunsa ngati ndili ndi mano oikirira. Ndinati onse ndi anga, amene atsala. Ati adzandibaya pamsana, kuyambira m'chiuno kutsika sindidzamva kanthu, koma ndizidzamva akuyankhula. Sindikudziwa chabwino n'chiti, kumva kapena kusamva.

Abiti tagwirizananso. Ndinawafunsa ngati analembapo kalata zochotsa anthu ntchito. Ati zambiri, ndipo ndizo zazifupi kuposa zonse, mizere itatu. Imodzi saiwala, ya mesenjala wina wa njinga amene anasowa sabata ziwiri. Anaitaipa, bwana anasayina, wina anapita nayo kumudzi, anakapeza munthuyo ali pamphasa, chifuwa chamumaliza. Ofesi yonse inkadziwa kuti amakhosomola. Koma m'faelo munalibe pepala, ndipo faelo siimva kukhosomola. Ndinawauza kuti nkhani zawo zosangalatsa odwala azisunga.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri. Ndikatseka maso ndikuwona katundu wanga panja pa thanki paja, mphasa, mapoto, Chikondi atakhala pa sutikesi. Kumudzi kwathu malo anatha, achimwene anapereka kwa olima nzimbe. Ana amenewa akalowera kuti?

Lachiwiri, 16 Julayi, 2 koloko masana

Yasini wabwera, nthochi alibe. Anakhala kumiyendo kwa bedi akupotokola makiyi. Kalata yanga wabwera nayo, pamwamba palembedwa ndi cholembera chofiira, m'Chingerezi. Abiti andiwerengera: ibwerere, idzere kwa mkulu wa chigawo, ndi lipoti la dokotala.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikuti zikomo. Koma Yasini ati manijala atawerenga kuti ndili kuchipatala chiyambire Lachiwiri, anaitanitsa buku lochonga obwera kuntchito. Anapeza Nambewe wabwera Lachiwiri, wabwera Lachitatu, wabwera mpaka dzulo. Tsiku lililonse wachongedwa, ndi dzanja la bambo a Stefano.

Munthu uja, poopa kutuma mawu kwa apongozi kuti lembani kalata, ankandichonga kuti ndilipo. Zochapa ankachapa yekha alendo asanadzuke, mkulu wa chigawo, atapinda buluku, kusita nasita. Yasini ankamuwona koma ankayesa akungothandiza. Ndiye kalata yanga yodzera kuseri ija ndi imene yamuvula.

Manijala wakwiya. Ati mwina Nambewe sakudwala n'komwe, ali kokolola mpunga monga amachitira ena nyengo ino, ndipo apabanja akubisana. Wapereka mpaka Lachisanu 12 koloko. Kalata yoyenera ikapanda kufika ndi lipoti lonse, ine ndathawa ntchito, iye ndi wabodza, tonse tichoke. Nyumba ziwiri, ana asanu: awiri a kwa ine, atatu a Enelesi.

Ndinati mayi ameneyo magalasi ake amawona mapepala okha, anthu ayi, ndipo tsiku limene adzadwale adzamufunsenso chidindo. Ndinanenanso zina mpaka anamwino anandipempha kuti nditsitse mawu. Yasini atapita BP inali 175 pa 100. Andiwonjezera kapiritsi koyera, ati ikapanda kutsika opaleshoni siichitika.

Lachitatu, 17 Julayi, 9 koloko m'mawa

Enelesi analira dzulo kuseri kwa wodi, lero wauma. Wandisambitsa, kenaka popukuta msana anati, "Amayi, ulemu wanu ndi wa bambo a Stefano utidyetsa mchenga." Chibadwire sanandiyankhepo chotero. Ndinafuna kumukumbutsa amene anamubereka, koma ndinakumbuka kuti kuberekako ndiko kwandigoneka pano.

Ndinati amuuze yekha mwamuna wakeyo kuti asayine atatsinzina. Iye ati wamuuza kale kuti abwere mawa, zotsalazo tikambirane eni ake, iye watopa kukhala njira.

Abiti anamva zonse, kuno makatani satseka makutu. Ati agogo awo ankanena m'Chiswahili kuti wobisa matenda imfa imadzamuulula. Ndinati imfa ilibe mkamwini. Iwo ati ubwino wa kalata ya ntchito ndi womwewo, nayonso ilibe. Simukulembera mwamuna wa Enelesi, mukulembera mpando. Amene wakhalapo awerenge ngati mpando, asayine ngati mpando, akaweruka abwerere kukakhala mkamwini. Ati n'chifukwa chake ilibe moni, ilibe za mwendo wa amake a munthu. Anaipanga youma dala kuti inyamule zimene pakamwa sipanganyamule.

Ndinati mpando umenewo ndimaudziwa, uli ndi maso awiri ndipo umadya kwa mwana wanga. Iwo ati tengani cholembera, Nambewe, nthawi yotsuka chilonda isanakwane.

Tsiku lomwelo, 4 koloko madzulo

Ndalemba katatu. Yoyamba anaikana chifukwa ndinayamba ndi kupepesa kuti ndikuwavutitsa. Yachiwiri chifukwa ndinaikamo mwambi. Ndinawapempha kuti alembe okha m'Chingerezi chawocho, anakana. Ati buku silinaletse Chichewa, ndipo dzanja likhale langa, asadzati wina anandipekera. Anandisonyeza: keyala yanga pamwamba kudzanja lamanja, deti pansi pake, ya wolandira kumanzere. Kenaka "Kudzera kwa", ndipo pamenepo dzina lonse.

Apo ndinaima. Dzina la munthu ameneyu sindinalitchulepo ndi pakamwa panga, ngakhale tsiku la ukwati. Abiti anadikira, osathandiza. Ndinalemba ngati ndikuponda minga. Ndakopera muno kuti isasowe.

Wodi ya Amayi, Bedi 9,
Chipatala cha Boma,
Nkhotakota.
17 Julayi 2024.

A Manijala,
Loji ya Chitimbe,
Ngala.

Kudzera kwa: Bambo Fidelis Kamanga, Mkulu wa Zipinda ndi Zochapa.

Mayi,

PEMPHO LA TCHUTHI CHA MATENDA

Ndikupempha tchuthi cha matenda kuyambira pa 9 Julayi mpaka pa 30 Ogasiti.

Ndinagonekedwa m'chipatala pa 9 Julayi chifukwa chiberekero changa chinatsika ndipo chinachita chilonda. Adzandichita opaleshoni pa 19 Julayi. Dokotala wati ndikabwerera ndisanyamule katundu wolemera kwa miyezi itatu, choncho ndikupempha kuti ndizidzangosita. Lipoti la dokotala ndaphatikiza.

Kuchedwa kwa kalata iyi ndi kwanga. A Kamanga sindinawauze matenda anga.

Ine wanu wokhulupirika,
Keti Mbewe.

Za kuchedwazo Abiti ati sizofunika. Ndinati zimenezo ndiye zanga, sizichoka. Anayang'ana, anati chabwino, koma mutu ndiutseke mzere kunsi ndi chinthu chowongoka. Tinatsekera ndi bokosi la mankhwala. Mawu anga onse sakukwana theka la tsamba. Zaka 19, theka la tsamba.

Adokotala alemba lipoti, adinda chidindo. BP 160 pa 95.

Lachinayi, 18 Julayi, 3 koloko masana

Wabwera nthawi ya alendo, 12 koloko. M'wodi sanalowe. Anaima panja pa zenera la kumutu kwanga, chammbali, akuyang'ana mtengo wa pabwalo. Ine ndinakhala pa bedi kuyang'ana khoma. Enelesi pakati ngati wotanthauzira kukhoti, chonsecho tikumvana bwinobwino.

Anati Enelesi awafunse amayi kuti adzuka bwanji. Ndinati umuuze ndadzuka. Anati awauze kuti ana ali bwino, ndipo wapepesa za buku lija. Ndinati umuuze kuti chibadwire sindinawone munthu wopusa mwaulemu chotere. Amenewo Enelesi sanawafikitse, koma anafika.

Enelesi anamupatsira mapepala pazenera. Ndinamva akufunsa motsitsa kuti asayine pati, ndipo ndinacheuka pang'ono. Anali ataphimba kalata ndi chipewa chake, wasiya kam'munsi kokha. Zala zasupuka ndi sopo wa ufa, pa dzanja pali bala la simbi, latsopano.

Abiti, osadzuka n'komwe, anati bambo, kusayina zimene simunawone ndiko kwakufikitsani pazenera pamenepo. Manijala akakufunsani zimene zili m'katimo mukati chiyani?

Iye chipewa osachotsa. Ankadikira ine. Ngakhale wa pa bedi 7 amene amabuula tsiku lonse anasiya kuti amve.

"Chotsani chipewacho, bambo a Stefano," ndinatero, osadzera mwa Enelesi. "Werengani zonse, ndi za Chingerezi zomwe."

Anawerenga. Tsamba langa ndi lalifupi koma anakhala nalo ngati Baibulo. Ndinamva atatembenuza la dokotala. Ine maso pa khoma, ndikulondola ming'alu ya penti. Ndinkayesa ndifa pomwepo. Sindinafe. Kunja kwa mpanda wina ankaitanira mandasi.

"Zaka zitatu, amayi," anatero. "Ine ndikukuwonjezerani mabeseni."

Ndinamufunsa kuti wapsereza mashiti angati. Ati awiri, a chipinda 5. Ndinamuuza kuti amenewo ndi a nayiloni, safuna moto wambiri, mwana aliyense amadziwa. Ati wamva, amayi. Anatsamiritsa pepala pa khoma, anasayina, analemba deti, nathamangira minibasi kuti akapeze ofesi isanatsekedwe.

Enelesi wandipesa tsitsi popanda kumutuma.

Ndasayinanso pepala lovomera opaleshoni. Anandiwerengera zonse zimene zingachitike, ndi chomaliza chija chomwe. Chakudya cha madzulo ano n'chotsiriza, kenaka osadya, osamwa. BP 145 pa 85, anamwino afunsa kuti ndamwa chiyani.

Lachisanu, 19 Julayi, 7 koloko m'mawa

Andiveka chovala chobiriwira chotseguka kumbuyo. Diripi aika kumanzere kuti ndithe kulemba. Woyamba wapita kale. Ndikumva njala ndi mantha, sindikudziwa chachikulu n'chiti.

Uthenga wafika pa foni ya Enelesi. Kalata yalandiridwa, tchuthi chavomerezedwa kuyambira pa 17, tsiku la kalatayo. Masiku asanu ndi atatu a m'mbuyowo, ndi nkhani ya buku lochonga, akakamba Lolemba 9 koloko, manijala ndi eni loji. Akagamula kuti ndinathawa, tchuthicho chafa, nyumba yapita, ndi ntchito ya bambo a Stefano yomwe. Ati ndikuloledwa kutumiza mboni kapena mawu olemba.

Lolemba ine ndidzakhala chigonere pano, kapena kwina kumene sindikufuna kulemba. Ndinapempha Abiti kuti tilembe kalata ina. Ati nthawi palibe, ndipo kalata yanena kale zake. Tsopano akufuna kudziwa kumene ndinali tsiku ndi tsiku, ndi chimene chinanditseka pakamwa, ndipo zonsezo zili m'kope ili, ndi madeti ndi maola. Ndinati muli zotukwana, muli za magalasi, muli zimene ndinabisa zaka zitatu. Ati musang'ambe ngakhale limodzi, tsamba losowa ndilo amalikayikira.

Ndiye inu amene mwatsegula kope ili, kaya ndinu Abiti, kaya anamwino amene mwalipeza pansi pa pilo, musalisunge. Mupatseni Enelesi, Enelesi apatse mwamuna wake, iye akaliike pa tebulo Lolemba 9 koloko isanakwane. Akafuna awerenge mokweza kuyambira poyamba, ndalola.

Mayi manijala, za magalasi zija ndinanena ndine, ndipo ndikadzuka ndidzabwera kudzapepesa ndi pakamwa. Koma mwawona kumene ndinali. Sindinathawe. Munthu uja anangochita manyazi, ndipo manyaziwo anamuphunzitsa ndife. Ana aja muwasiye m'nyumba.

Andiitana dzina. Lipititseni, chonde.